Pakadafunda Padajiwitsa Galu: Tikonzekere Ngozi Pakhomo Pathu

Mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale a sukulu yathu, yemwe amagwira ntchito m'boma, adayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu ku Namwera.



Komiti itandilembera kalata yoti ndidzayankhule lero, ndidayamba ndakana. Ndidati pakati pathu pali madokotala, pali alangizi a zaulimi, nanga ine wa mu ofesi, wokhalira kusuntha mafayilo, ndikanena chiyani? Koma alembi athu adandiyankha kuti sakufuna katswiri, akufuna munthu amene zidamuonekera. Apo ndidasowa pothawira, pakuti zidandionekeradi, ndipo sikamodzi ayi, koma katatu. Choncho ndiyamba ndi kuulula zanga, kenaka ndinene zimene ndatolapo, ndipo pomaliza ndipemphe kanthu ku bungwe lathu.

Koyamba mudali mu 2002. Ambiri a inu mukukumbukira kuti m'chaka cha 2001 mvula idachuluka, minda yambiri idalowa madzi, ndipo zokolola zidachepa m'dziko muno. Kwathu tidakololako, ngakhale sizidali zambiri. Ine nthawi imeneyo ndidali ku Chancellor College ku Zomba, mwana woyamba pa banja lathu kufika ku yunivesite. M'mwezi wa Juni bambo adagulitsa matumba 8 a chimanga kwa mavenda kuti ine ndipeze fizi, nsapato ndi ndalama ya basi. Adati chikatha tidzagula, monga tinkachitira zaka zonse. Sitinkadziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko, matani oposa 160,000, chidali chitagulitsidwa kale. Pofika Januwale 2002 mtengo udali utakwera kangapo, ndipo ngakhale wandalama ankatha kugona pamzere osachipeza. Pa 27 Febuluwale Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala.

Ine ku Zomba ndinkadya katatu patsiku. Nditabwera ku tchuthi ndidapeza mbuzi zathu zonse 5 zitagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, bambo atawolokera ku Mandimba kukagwira ganyu wolipidwa makaka, mayi akuphika madeya ndi zitsa za nthochi. Mlongo wanga wamng'ono adali atasiya sukulu. Agogo aakazi sadafike nthawi ya mondokwa. Ankapatsa zidzukulu gawo lawo nkumati iwo adya kale. Mpaka lero ndikayang'ana satifiketi yanga pakhoma ndimawerenga matumba 8 aja.

Kachiwiri mudali mu Januwale 2023, nthawi ya kolera. Mliri umene uja udayambira kwa anansi athu ku Machinga mu Malichi 2022, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri. Usiku wina cha m'ma 11 koloko mlongo wanga uja adandiimbira foni akulira, kuti mwana wake wa zaka 7 akutsekula m'mimba ndi kusanza kosalekeza. Ine ndidachita chimene ife a m'tauni timadziwa: ndidatumiza K50,000 pafoni. Koma wotapitsa ndalama adali atatseka, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto adalibe mafuta, ndipo posakhalitsa foni ya mlongo wangayo idatha moto. Ndalama yanga idagona m'foni mpaka kucha. Amene adapulumutsa mwanayo ndi mayi wina woyandikana nawo, amene sadafike ndi Sitandade 5 yomwe, koma adamvera bwino zimene alangizi a zaumoyo adaphunzitsa kusikelo. Adawiritsa madzi, adasungunula shuga ndi mchere, namumwetsa mwanayo pang'onopang'ono usiku wonse. M'bandakucha adamunyamula pa njinga yakapalasa mpaka ku chipatala, ndipo lero ali pasukulu.

Kachitatu padangopita miyezi iwiri. Namondwe wa Freddy adafika m'chigawo cha kumwera pakati pa mwezi wa Malichi 2023. Adapha anthu oposa 600, ena oposa 500 adasowa, ndipo oposa 650,000 adasiya nyumba zawo. Ine ndidali mu Blantyre, pafupi ndithu ndi phiri la Soche pamene matope adakwirira anthu a ku Chilobwe. Nyumba yanga siidagwe, ndikuthokoza Mulungu. Koma kwa masiku 4 tidakhala opanda magetsi ndi madzi, ndipo m'nyumba ya munthu wa digiri mudalibe kandulo, mudalibe makala, mudalibe ngakhale chigubu chimodzi cha madzi. Ndidapita ndi ndowa kukapempha madzi kwa mlonda wa pa ofesi yathu, amene ali ndi chitsime pakhomo pake. Adandipatsa mwaulemu, koma manyazi amene ndidamva tsiku limenelo ndiwo andiimiritsa pano.

Amayi ndi abambo, timakonda kunena kuti ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tiyeni tiwerenge limodzi. Mu 1991 napolo adakokolola midzi ku Phalombe. Mu 1992 kudali chilala. Mu 2002 njala, mu 2005 njalanso. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira m'maboma 15, kuphatikizapo Mangochi, ndipo chaka chotsatira kudali ng'amba. Mu 2019 namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2023 Freddy. Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, adalengeza za ngozi ya ng'amba m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo chaka chomwecho nyanja idakwera nkulowa m'nyumba za abale athu a kugombe. Chinthu chimene chikubwera zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse sichadzidzidzi ayi. Ameneyo ndi mlendo wodziwika, chimene sitidziwa ndi tsiku lake lokha.

Wina ati, nanga boma lilipo lanji? Ine ndine wa m'boma, ndipo ndikuuzani zoona. Zitachitika za ku Phalombe, dziko lidakhazikitsa lamulo loona za ngozi mu 1991, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ilipo, ndipo ili ndi makomiti mpaka kumudzi. Koma taganizirani ulendo wa thandizo. Amfumu auze komiti, komiti iuze ofesi ya DC, anthu abwere kudzawerenga ovutika, lipoti lipite ku Lilongwe, galimoto ipezeke, mafuta apezeke, iwoloke mlatho wa pa Shire, ikwere mapiri a Chowe, ndipo ngati msewu wa kumudzi kwanu waduka iimire pamenepo. Ngakhale aliyense atagwira ntchito yake mokhulupirika, pamapita masiku. Ndipo thandizo la miyezi ya njala likafika, kawirikawiri limakhala thumba limodzi la makilogalamu 50 pa banja pamwezi. Masiku atatu oyambirira a ngozi iliyonse ali m'manja mwa eni nyumba ndi anansi awo. Kudzidalira kumene ndikunena ndi kumeneku. Sindikuti tikane thandizo, koma kuti likamafika litipeze tili moyo.

Tsono ndinene zinthu zisanu zimene banja lililonse lingachite popanda kudikira munthu.

Choyamba ndi chakudya. Tisanagulitse ngakhale ndowa imodzi, tiyambe tawerenga. Pa banja langa tilipo 6, ndipo timadya thumba limodzi ndi theka pamwezi, ndiye kuti matumba 18 pachaka. Aliyense awerenge zake, aonjezepo awiri kapena atatu a maliro ndi alendo, ndipo chogulitsa chikhale chotsalacho. Mavenda amafika ndi sikelo zawo mu Epulo ndi Meyi pamene mtengo uli pansi, ndipo chimanga chomwecho timadzachigulanso mu Januwale pa mtengo wowirikiza. Kusunga nako kuli ndi luso lake. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'thumba. Njira yoyesera ndi yapafupi: thirani mchere wouma ndi chimanga pang'ono m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, ndipo mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga sichidaume. Chimanga chosauma chimachita chuku, ndipo chuku chimenecho chili ndi poizoni woononga chiwindi. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, malinga ngati mwamanga bwino ndipo makoswe sadawaboole. Matumba asakhale pansi kapena kutsamira khoma, muwaike pa thandala.

Komanso tisamati tikadya mbatata ndiye kuti tagona ndi njala. Chinangwa chimapirira ng'amba ndipo chimadzisunga chokha m'nthaka, chowawa chija nkofunika kuchiviika bwino chisanadyedwe. Mapira, khobwe, nandolo ndi mbatata yofiira m'kati zidapulumutsa mabanja ambiri zaka zimene chimanga chidapserera. Amayi athu ankafutsa masamba nthawi ya dzinja nkusunga mfutso m'zikwatu, ankasunga usipa wouma, ndipo pakhomo sipankasowa nkhuku. Ife tidapita kusukulu nkuyamba kuziona ngati zachikale. Mbewu yogulitsa ndi yabwino, koma alimi a nandolo sadaiwale za 2017, pamene dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo nkugwa anthu ali ndi matumba m'nyumba. Munda wonse usapite ku mbewu imodzi.

Chachiwiri ndi madzi. Munthu amatha masiku ambiri osadya, koma popanda madzi sapitirira masiku ochepa. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita osachepera 15 pa munthu patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba m'manja. Pakhomo pakhale zigubu zotsekera bwino za malita 20, zosachepera zitatu, zodzaza nthawi zonse ndipo madzi ake azisinthidwa. Nthawi ya mvula madzi a pachitsime, ngakhale a pamjigo umene wazunguliridwa ndi madzi osefukira, tiziwawiritsa mpaka abwadamuke, kapena tizithira kolorini monga mwa malangizo a pabotolo nkudikira mphindi 30 tisanamwe. Potunga mumtsuko pakhale chikho chimodzi chokhala ndi chogwirira. Chimbudzi chikhale ndi chivindikiro, chikhale kutali ndi chitsime, ndipo panja pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa.

Chachitatu ndi mankhwala ndi mapepala. Chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo chingathe kupha m'maola ochepa. Sungani mapaketi a Thanzi ORS m'nyumba. Akasowa, chitani zimene adachita mayi uja: lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, ndiye kuti mabotolo awiri a theka la lita, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mchere usapyole pamenepo. Mwetsani wodwala pang'onopang'ono uku mukupita naye ku chipatala, pakuti madzi amenewa ndi omuperekeza panjira, salowa m'malo mwa dokotala. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, asamadikire kuti atsale mapilitsi awiri nthawi ya mvula. Mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira akadikirire ku chipatala mitsinje isanadzaze. Ndipo chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi ndi mapepala a malo zikhale m'pepala lapulasitiki lomanga bwino, pamalo pamene aliyense wamkulu m'nyumbamo akudziwa. Manambala a foni a abale, a amfumu, a alangizi a zaumoyo ndi a mnyamata wa kabaza alembedwe papepala, pakuti foni ikathima imathima ndi manambala ake omwe.

Chachinayi ndi nyumba. Kuno ku Namwera tili pamtunda, ndipo ena amati madzi osefukira ndi nkhani ya a kunyanja. Koma mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga chaka ndi chaka, ndipo mapiri amene tadula mitengo yake sangathenso kugwira madzi. Mwezi wa Okutobala usanathe, kwerani padenga muone misomali, mangani mitengo ya denga ku khoma ndi waya, kwezani khonde kuti madzi asanyowetse maziko, ndipo lambulani ngalande. Musamange m'mphepete mwa mtsinje kapena m'khwawa, ngakhale malowo atakhala otchipa. Pakhale tochi, machesi osungidwa pouma, nkhuni kapena makala a masiku angapo, ndi wailesi ya mabatire kapena ya sola. A nthambi ya zanyengo adachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike. Ine ndidamva chenjezolo ndili mu ofesi, ndidati ndigula zofunika mawa. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Ndipo banja likhale pansi ligwirizane kuti zikavuta usiku tidzathawira kuti, adzanyamula agogo ndani, adzagwira ana ndani.

Chachisanu ndi ndalama. Kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasunga chuma chake chonse m'ndalama adadzuka ali wosauka kuposa dzulo lake, pamene mbuzi idakhalabe mbuzi ndipo thumba la chimanga lidakhalabe thumba. Chuma chigawidwe: china ku banki kapena ku banki m'khonde, china m'ziweto ndi m'zakudya, ndi kangachepe m'nyumba kokwanira ulendo wa ku chipatala usiku. Amene alibe kangachepe kameneka ndiye amathera kwa a katapila, kapena kugulitsa chimanga chili m'munda.

Apa ndifike pa nkhani yowawa, yokhudza ife amene takhala m'chipinda chino. Ambiri a ife tasanduka nkhokwe za kwathu. Feteleza timatumiza ndife, ufa ukatha foni imalira kwa ife, denga likasasuka ndi ife. Chimodzimodzi ana athu amene ali ku Joni, pakuti pali midzi kuno imene nyumba zambiri zamalata zidamangidwa ndi ndalama za ku South Africa. Kuthandiza abale ndi udindo, ndipo ine amene ndidaphunzira ndi matumba 8 aja sindingaukane. Koma tidaona mu 2008 ndi mu 2015, pamene alendo ankamenyedwa ku South Africa, mabasi akubweza abale athu ali chimanjamanja, ambiri a iwo a kuno ku Mangochi. Tidaonanso mu 2020 nthawi ya Covid-19 ntchito zitaima. Nafenso a m'boma tidzapuma pa ntchito, ena tidzadwala, ena tidzatsogola. Tsiku limenelo mudzi umene udasiya kulima dimba chifukwa chakuti mwana amatumiza udzadya chiyani? Ngati thandizo lathu lachititsa kuti abale athu aiwale zimene makolo awo ankadziwa, ndiye kuti tawasiya pangozi yoposa imene tidawapeza nayo.

Ine ndidasintha kathandizidwe kanga. Nditachoka pa za 2023 zija ndidakhala pansi ndi mayi ndi mlongo wanga, tidawerenga matumba, tidagula matumba osalowa mpweya, mbuzi ziwiri zazikazi, mbewu ya chinangwa ndi sola yaing'ono yotchajira foni. Poyamba mayi adadandaula, adati mwana wayamba kuumira. Koma ng'amba ya 2024 itafika, chimanga chidapserera ndithu, ndipo iwo adadutsa ndi chinangwa, mbatata ya kudimba ndi matumba amene adatsala chaka chinacho. Adagawirakonso mayi uja amene adapulumutsa mdzukulu wawo. Nkhani ya Yosefe, amene abale athu achisilamu amati Yusufu, tonse tidaimva, kaya ku tchalitchi kaya ku madrasa. Iye adasunga m'zaka za zokolola zambiri, osati njala itayamba.

Kudzidalira sikutanthauza kudzipatula. Mutu umodzi susenza denga. Amene adandipatsa madzi ndi mlonda, amene adapulumutsa mwana wa mlongo wanga ndi mnansi. Dziwani anansi anu, dziwani nyumba imene muli nkhalamba yokhala yokha, munthu wolumala kapena ana amasiye, pakuti pothawa amenewa ndiwo amatsalira.

A Wapampando, ndikupempha zinthu zitatu. Poyamba, membala aliyense, mwezi wa Novembala usanathe, apite kwawo kapena aimbe foni, awerenge pamodzi ndi abale ake chakudya chimene chilipo kufikira mwezi wa Epulo, ndipo aone zinthu zisanu ndatchulazi. Kachiwiri, tikudziwa kuti ngozi ikagwa anthu amathawira pasukulu. Ndikupempha kuti pa zopereka za chaka chino tipatuleko ndalama yogulira thanki yokolola madzi a mvula, kukonza zimbudzi, ndi kuika bokosi la chithandizo choyamba pasukulu yathu. Kachitatu, anzathu a zaumoyo ndi a zaulimi amene ali m'bungwe lino apatule tsiku limodzi pa teremu kudzaphunzitsa ana a Folomu 3 ndi 4 kasungidwe ka mbewu, katetezedwe ka madzi ndi kapangidwe ka madzi a shuga ndi mchere. Mwana mmodzi akadziwa, nyumba yonse yadziwa. Ine ndikulonjeza pamaso panu kuti mbande za mitengo 200 zodzala kuzungulira sukulu ndidzagula ndine, ndipo chaka chamawa mudzandifunse.

Aphunzitsi athu adatiphunzitsa kuti mayeso sakonzekeredwa m'mawa wa tsiku lolemba. Mvula ili pafupi. Tikachoka pano tisakanene kuti mawa.